Tabuleti ya Gulugufe

Lolemba, 6 Meyi

Makalasi asanu ndi imodzi, ofesi ya ahedi, khonde lonse. Mopu yayamba kuthothoka. Masana ntchito ya masiku onse: kupukuta matabuleti a Sitandade 4 ndi kuwatchaja m'kabati. Alipo 62, mwana aliyense yake. Bungwe lina ndi limene linabweretsa chaka chatha. Kumbuyo kwa iliyonse anamata kachithunzi: nsomba, njinga, ambulera, nyenyezi. Kiyi wa chipindacho amakhala ndi ine chifukwa ndine womaliza kuchoka.

Mawu amene ndalankhula lero: "Ndadzuka bwino" kwa alonda. "Chabwino" kwa ahedi. Basi. Kunyumba achimwene ndi alamu pa TV, ine kuchipinda changa cha kumbuyo. Sandida ayi. Kungoti alibe chondifunsa.

Ndilembe pano chimene sindinauzepo munthu. Sabata yachitatu tsopano, ndikamaliza kupukuta ndimatseka chitseko n'kuyatsa tabuleti imodzi. Ya gulugufe.

Ana amasiya zala pagalasi. Wa nsomba mafuta, wa njinga dothi, wa ambulera amanyambita kaye chala asanadine. Ya gulugufe yokha inkabwera yoyera, batire lodzaza. Ndinadziwa kuti mwini wake sakubwera. Ndimamudziwa. Kamtsikana ka juzi yofika m'mawondo, kokhala pafupi ndi chitseko. Sitinalankhulanepo. Tikakumana pakhonde tinkangokwezerana nsidze.

Ndinati ndingoyesa kamodzi.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8. Mafulakishoni ndi amene anandigwetsa. Ndimakumbukirabe nditaima pabolodi, choko chitanyowa m'manja, kalasi yonse ikuseka. M'tabuleti muli mawu a mayi wina. Ukalakwa amangoti, "Yesanso." Kakhumi konse, osausa moyo. Lero ndamvetsa chifukwa chake theka ndi makota awiri zili chimodzimodzi. Ndili ndi zaka 22. Ndinaseka ndekha m'chipinda muja, kenako ndinachita manyazi ngati wina wandiona.

Lachitatu, 8 Meyi

Aphunzitsi a Sitandade 4 anapita kutchuthi chokachira mwezi watha. M'malo mwawo muli mtsikana wochokera ku koleji ya aphunzitsi, akuphunzira ntchito. Ana amati Madamu Ang'ono. Msinkhu wanga ndithu. Nsapato zoyera, amazipukuta ndi kapepala asanalowe m'kalasi. Amanditchula "asisi". Pasukulu pano ena onse amati "wosesa uja".

Ndikutolera makapu m'chipinda cha aphunzitsi ndinawapeza akukangana ndi Bambo Choko, aphunzitsi achikulire a Sitandade 7, amene buluku lawo limakhala loyera ndi choko. Madamu amalankhula mwachangu, manja m'mwamba. Akuti bolodi imafufutidwa koma makina amakumbukira mwana aliyense. Akuti mphunzitsi mmodzi ali ndi maso awiri, ana 62 angawaone bwanji? Akuti mwana wochedwa kumva asamachite manyazi pamaso pa anzake, makina amamudikira. Apa ndinafuna kuvomera mokweza. Ndinangopukuta tebulo.

Bambo Choko anati, "Makina anuwo amadziwa amene wabwera osadya? Akadziwa mundiuze, ndiwasiyira mpando wanga ndi ndodo yomwe." Onse anaseka, Madamu nawonso.

Kenako nkhani ya kaundula. Bambo Choko akuti iwo mwana akajomba masiku asanu amapita kwawo ndi miyendo yawo, ndi lamulo la sukulu. Madamu anati iwo anasiya kuitana mayina, kumadya theka la phunziro. Mwana akangogwira tabuleti yake tsiku limenelo, laputopu yawo imalemba yokha kuti wabwera.

Kapu inatsala pang'ono kundipulumuka.

Ndinalumbira kuti lero sindiyatsa. Ndayatsa.

Lachisanu, 10 Meyi

Andipeza. Ayi, sanandipeze. Ndinali nditangozimitsa pamene Madamu anagogoda. Analowa, n'kukhala pa desiki ya mwana, kusenda lalanje, kundipatsa theka. Sindikumbukira tsiku lomaliza limene ndinadya ndi munthu pamalo amodzi.

Anatsegula laputopu. Mizere yambirimbiri, umodzi wokwera ngati makwerero. "Uyu ndi wa gulugufe, asisi. Temu yatha anali wachitatu kuchokera pansi. Taonani pano." Anandionetsanso nthawi. Zonse masana, anzake atapita. Anandiyang'ana n'kumwetulira: "Ndinu amene mumamutsegulira, eti?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anamva ngati ndavomera. Anati ndisaope, sauza ahedi, ndachita chinthu chabwino.

Akuti anafunsa za iye m'kalasi kawiri, ana anati sabwera. Madamu akuti akumvetsa: mwanayo amaopa khamu, m'mawa amabisala, masana amabwera. Nawonso akuti anali wamanyazi ali mwana. Sindinakhulupirire. "Mwana wotere bolodi imamutaya, makina amamutola." Alemba lipoti lawo la ku koleji pa mwana ameneyu. Lachisanu likudzali kukubwera alekichala kudzawayesa m'kalasi. Akufuna ndimunyengerere abwere m'mawa tsiku limenelo, alekichala amuone.

Ndinati, "Chabwino." Mawu anga amodzi aja.

Chinthu choipa n'chakuti ndinasangalala. Mzere wokwera uja ndi wanga. Palibe anandiyamikirapo pa masamu chibadwire, ndipo lero andiyamikira ndili m'juzi ya mwana wa eni.

Lamulungu, 12 Meyi

Alamu anandituma ku msika. Pobwerera ndinadutsa njira ya kumlatho. Pampope pali mzere wa ndowa. Mwini gulugufe ali pomwepo. Khanda kumbuyo, juzi ija wafunditsa khandalo, iye manja pamtunda.

Anandikwezera nsidze. Nanenso. Ndikanapitirira, koma anasiya ndowa n'kubwera.

"Anti, andifufuta m'kaundula?" Mawu ake aang'ono, osasa. Ndinati ayi. Anati, "Nanga bwanji palibe wabwera kudzandifunsa?"

Mayi ake anapeza ntchito yochapa kutali, amachoka kusanache. Khanda alibe wolisiyira. Akuti mayi ake ananena kuti aphunzitsi akabwera kudzafunsa aona chochita, koma ngati sukulu ili chete ndiye kuti sikumusowa. Tsiku lililonse amayang'ana kumsewu. Amawadziwa Bambo Choko, akuti anapitako kwa mnzake atajomba.

Mwezi wathunthu. Palibe wapita chifukwa laputopu ikunena kuti amabwera. Laputopu ikunena choncho chifukwa cha chala changa.

Ndinamunyamulira ndowa mpaka pakhomo. Chitseko chobiriwira, kuseri kwa atelala osokera pakhonde. Ndinatula ndowa n'kubwerera. Kunyumba alamu anafunsa chifukwa chake ndachedwa. Ndinati mzere.

Lolemba, 13 Meyi

Sindinayatse. Ndinaipukuta ngakhale inali yoyera kale.

Ndinayesa kukonza mawu ndikukolopa. "Madamu, pali nkhani." Mpaka pamenepo ndimafika. Anadutsa pakhonde atanyamula mabuku, "Asisi, mwaswera?" Ndinati ndaswera.

Ndikanena: kiyi apita. Mwina ntchito yomwe. Ahedi anandiuza tsiku loyamba kuti matabuleti ndi a ana, ine changa n'kansalu ndi chingwe cha magetsi. Achimwene ndi amene anandipemphera ntchitoyi, anavala tayi popita kukaonana ndi ahedi. Ndidzawayang'ana bwanji? Ndiponso lalanje lija.

Ndikapanda kunena, n'kungosiya kuyatsa, pakatha masiku asanu laputopu idzanena yokha kuti sakubwera. Ndinawerenga pa zala. Tsiku lachisanu ndi Lachisanu lomwelo. Madamu adzakhala ataima kale pamaso pa alekichala ndi lipoti labodza m'manja.

Lachiwiri, 14 Meyi

Madamu abweranso masana. "Gulugufe wathu dzulo sanatere? Mwamuopseza ndi nkhani ya alekichala eti?" Akuseka. Anati poti palibe, ndikhale ine mwana wa sukulu, ayeserere phunziro la Lachisanu.

Ndinakhala pa desiki, mawondo kugunda thabwa. Iwo kutsogolo, mawu a uphunzitsi. Akuti alekichala amenewa ndi ovuta, chaka chatha anabweza anthu atatu kuti abwereze. Akuti kwawo ndi woyamba kufika ku koleji, mayi awo anauza kale mzere wonse wa nyumba kuti mwana wawo ndi mphunzitsi.

Anafunsa ngati akufunsa kalasi: chachikulu n'chiti, magawo awiri mwa atatu kapena atatu mwa anayi? Ndisanaganize pakamwa panayankha pokha. Atatu mwa anayi, chifukwa chotsala n'chaching'ono.

Anaima. "Eee, asisi! Mumabisa masamu m'ndowa?" Ndinati ndangolota. Anati ana awo theka sangalote choncho.

Pamenepo mpomwe ndikananena. Khomo linali lotsegula. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndanena.

Osati ndi pakamwa poyamba. Madamu atabwera kudzafunsa ngati mwanayo wavomera za mawa, ndinatsegula kabati, kutenga ya gulugufe, kuyatsa, kukhala pansi. Phunziro 41, pomwe ndinasiyira. Ndinayankha mafunso asanu iwo ataima kumbuyo kwanga. Mayi wa m'tabuleti anati, "Wakhoza!" Sanamvekepo mokweza chonchi.

Kenako ndinati, "Ndine. Mwanayo sabwera. Akulera khanda."

Kunja alonda akukoka geti. Anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati musanabwere n'komwe. Anakhala pa desiki, kutsegula laputopu, kuyang'ana mzere uja nthawi yaitali.

"Masamba khumi ndi awiri. Ndalemba masamba khumi ndi awiri za mwana amene sindinamuonepo nkhope."

Ndinati pepani. Anati Lachisanu lija ndinali ndi pakamwa, Lachiwiri ndinali ndi pakamwa. Zoona. Anati mawa ayenera kuuza ahedi, sangachitire mwina. Anatseka laputopu n'kutuluka. Sanati asisi.

Ndinatchaja onse 62. Kiyi ndamuika pansi pa pilo ngati kuti zithandiza.

Lachisanu, 17 Meyi

Alekichala anafika ndi galimoto yaing'ono, mayi wamagalasi, chikwama chachikulu. Ine ndinapeza chifukwa chokolopa khonde la Sitandade 4. Kawiri.

Madamu sanayambe ndi matabuleti. Anabwereka kaundula wa pepala ku ofesi. Anayamba kuitana mayina, limodzi limodzi, ena akuwatchula molakwika ana n'kumaseka. Aliyense akayankha ankamuuza aimirire amuone. Zinatenga nthawi. Atafika pa dzina la mwana uja, zii. Anaitananso. Kachitatu. Mtsikana wina anati, "Amalera mwana, madamu. Tinakuuzani kuti sabwera."

Madamu anati, "Munandiuza. Ine sindinamve." Pamaso pa alekichala.

Panapezekanso wina wojomba. Mnyamata wa nyenyezi wakhala akudina tabuleti ya mnzake wa galimoto m'mawa uliwonse kuti asalembedwe kujomba. Zimenezo sindinkadziwa ngakhale ine.

Kenako anagawa matabuleti, phunziro linayenda. Alekichala analemba kwambiri. Sindikudziwa ngati n'zabwino.

Masana ahedi anandiitana. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anatambasula dzanja, ndinaikamo kiyi. Ntchito yosesa ipitirire, koma chipinda cha matabuleti ndisalowemonso. Anati achita izi chifukwa cha ulemu wa achimwene.

Kiyi apatsa Bambo Choko. Ndinawaona pawindo akulimbana ndi zingwe ngati akumasula mbuzi. Potuluka anandipeza pampope ndikutsuka mopu. Ndinadikira chitonzo. Anangoti, "Iwe mwana wanga, mafulakishoni unakhoza wekhawekha? A m'kalasi mwanga ndawaimbira zaka ziwiri." Anapukusa mutu n'kumapita.

Lolemba, 20 Meyi

Ntchito imatha msanga tsopano. Ndimakhala m'kachipinda ka matsache kudikira nthawi yoweruka. Fungo la sopo ndi mopu yonyowa.

Madamu anadutsa, anagwedeza mutu. Basi.

Achimwene amva. Anangoti, "Ukanandiuza kuti ukufuna sukulu." Ndikanawauza liti? TV siizimitsidwa.

Ndamusowa mayi wa m'tabuleti. Munthu woti kulibe. Sakudziwa n'komwe kuti ndasiya kubwera, monga sanadziwe kuti mwana uja anasiya. Komabe ndamusowa.

Pawindo la Sitandade 6 panali fumbi. Ndinalembapo samu imodzi ndi chala, ndinaipeza, ndinapukuta.

Lachitatu, 22 Meyi

Madamu anaima pakhomo la kachipinda kanga. "Mukudziwa kwawo kwa mwana uja?" Ndinati eya. Anati tiyeni.

Tinapita atatu, Bambo Choko patsogolo chifukwa akuti makolo amafuna imvi. Njira ya kumlatho matope okhaokha. Nsapato zoyera zija zinatheratu. Sanazipukute.

Pakati pa njira Madamu anayamba okha, osandiyang'ana. Akuti alekichala awapatsa masabata awiri alembenso lipoti lonse, adzabweranso kudzawayesa kachiwiri. Sanagwe, sanakhoze. Mayi awo sanawauze.

Akuti maganizo awo pa makina sanasinthe. Bambo Choko anatembenuka: "Ayi ndithu?" Madamu anati ayi ndithu, umboni ukuyenda pambali pawo, munthu waphunzira mafulakishoni m'masabata anayi popanda womuseka. Ndinafuna kulowa pansi. Anapitiriza: "Koma makina anandiuza za chala. Mwini chala ndinayenera kumufuna ndekha." Bambo Choko anati zimenezo alembe m'lipotimo, ndipo atchule kuti anawaphunzitsa ndi iwo. Madamu anati alemba kuti anawaphunzitsa ndi nkhalamba yosadziwa kulumikiza chingwe.

Mwana anationa tili patali. Anathamangira m'nyumba, n'kutulukanso atavala yunifolomu pamwamba pa diresi, khanda lili kumbuyo.

Tinadikira mayi ake mpaka dzuwa litapendeka. Mayi wotopa, manja otuwa ndi sopo. Poyamba anakwiya, kenako analira, kenako anatipatsa mipando. Ine ndinakhala panja ndi khanda. Za m'nyumba ndinangomva mapeto: akazi a atelala avomera kusunga khanda m'mawa, masiku atatu pa sabata. Atatu okha. Bambo Choko akuti tiyambire pomwepo.

Pobwerera, pamlatho, Madamu anati, "Samalani apo, asisi, paterera."

Lolemba, 27 Meyi

Wabwera. Juzi yomwe ija. Pakhonde anandikwezera nsidze kawiri.

Koma pa buleki ndinamupeza kuseri kwa kalasi akulira. Tabuleti yake. Iye anasiyira phunziro 9, ine ndinaifikitsa pa 41. Ikumupatsa masamu amene sanawaonepo, ndipo siibwerera m'mbuyo. Mayi uja akungoti "Yesanso, yesanso," mwana sakudziwa n'chomwe akuyesa. Anzake amva kuti ndiye woyamba m'kalasi, akumuseka. Wokonza wa ku bungwe amabwera kumapeto kwa temu.

Ndinamuberanso kachiwiri, osadziwa.

Masana Madamu anabwera ku kachipinda ka matsache. Anakhala pa ndowa yovundikira. Akuti ali ndi ana 62 ndi lipoti, sangakhale ndi mmodzi tsiku lililonse. "Gulugufe munamuulutsa patali, asisi. Amene akudziwa njira yonse kuchokera pa 9 kufika pa 41 ndi inu." Akufuna ndizikhala naye pa buleki, masiku atatu amene amabwera. Ahedi avomera, bola pakhale pamasitepe, poonekera, popanda tabuleti.

Ndinati ine si mphunzitsi. Anati, "Nanenso sindinakhale."

Ndinati sinditha kulankhula. Anati mwanayonso satha, tikamvana.

Sindinati chabwino. Ndinati ndiyesa.

Lachiwiri, 28 Meyi

Ndagula malalanje awiri. Mpeni ndabwereka kwa alamu, anafunsa kuti wachiyani, ndinawauza zonse. Anatsitsa TV kuti amve.

Ndakumbukira mmene phunziro 10 linayambira: chinthu chimodzi, kudula pakati, kufunsa ngati mbali zili zofanana. Ndidula mokhota dala kuti aone yekha. Akalakwa sindinena kuti yesanso. Ndimufunsa kaye pamene wasochera. Ndimufunsanso ngati wadya.

Ndasesa masitepe katatu. Ndili pano, kope pamwendo, kuti manja apeze chochita.

Belu lalira. Ana akutuluka. Madamu ali pakhomo la kalasi, akumulozera kuno. Waima. Akukoka manja a juzi. Ndiyambe ndi moni kapena ndi lalanje? Dzina lake lenileni ndalimva katatu tsiku lija, ndimuitana nalo, osati gulugufe. Akubwera, ndiike cholembera pansi.